Moto wa Mapesi ndi Moto wa Muwanga

Mwezi wathawu ndinapita ku Lilongwe kukafuna jekete la nyengo ya cisanu, pakuti langa lakale linali litatha m'zigongono, ndipo ana a sukulu anayamba kulilozerana ine ndikatembenukira ku bolodi. Ndinatsikira ku Msika wa Tsoka, m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene zobvala za kaunjika ziunjikidwa milumilu. Ndinaoloka pa kamlatho ka mitengo, nditapatsa mwini wace kandalama, ndipo ndisanafike kwa ogulitsa majekete ndinamva phokoso longa la anthu ogwira mbala. Koma sinali mbala iai. Anali amuna monga khumi, atazinga mnyamata wogulitsa nsapato amene anagwira foni m'dzanja lace, ndipo mlandu wao unali uwu: Muhammad Ali ndi Mike Tyson, akadakomana onse awiri ali m'mphamvu zao, akadagwa ndani?

Kaya anandizindikira ndi colembera ca m'thumba, kaya ndi mayendedwe, mmodzi wa iwo anapfuula nati, "Aphunzitsi, bwerani mutiweruze." Ine ndinati, "Ali." Pamenepo anaseka onse, kupatula mkuru wina wosoka pa makina amene anakhala capatali. Mnyamata wa nsapato anati, "Madala, inu mukonda zakale cabe. Taonani apa." Ndipo anandionetsa pa foni m'mene Tyson anagwetsera Michael Spinks, nkhondo yonse yatha munthu asanamalize kumanga nsapato. Ndinayesa kuyankha, koma pa msika apambana ndiye wa mmero waukuru. Ndinagula jekete langa, ndi kubwerera kwathu mau anga ali m'mimba. Lero ndifuna kuwaturutsa.

Ena mwa inu, awerengi, mudzati, Kodi nkhonya zilowa bwanji m'nyuzi yino? Yankho langa ndi ili: ana athu acita makani awa masiku onse, pa msika, pa sitolo, ngakhale panjira pobwera ku mapemphero, ndipo munthu amene mnyamata amtama, ndiye amene mnyamatayo afuna kufanana naye. Pofunsa kuti wamphamvu ndani, iwo ali kufunsa kuti mphamvu nciani. Funso limenelo mphunzitsi sangalilambalale. Tsono ndinena poyera kuti Ali akadapambana Tyson, ndipo ndidzapereka zifukwa zimene munthu ali yense akhoza kuziyesa yekha.

Poyamba tikonze bwalo, cifukwa cha iwo amene sanaonepo masewera awa. Amuna awiri abvala magolovesi, nalowa m'bwalo locingidwa ndi zingwe. Amenyana mphindi zitatu, napumula mphindi imodzi, ndipo cigawo cotere aciti raundi. Munthu akagwa, woyang'anira awerenga kufikira khumi. Akalephera kudzuka, wagonja. Akafika kumapeto onse ali ciriri, oweruza atatu ndiwo anena wopambana. Masiku a Ali nkhondo ya lamba inali ya maraundi 15. Anaicepetsa kukhala 12 atamwalira Duk Koo Kim, mnyamata wa ku Korea amene anabvulala m'bwalo mu Novembala 1982. Ali ndi Tyson onse anali a gulu la amuna olemera koposa, ndipo onse anali a dziko la America. Ali anabadwa m'caka ca 1942, Tyson m'caka ca 1966, kotero sanakomane m'bwalo ndi kamodzi komwe.

Akuru anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi. Sitingatenge wina ali nkhalamba ndi kumyesa ndi mnzace ali mnyamata. Cifukwa cace nditenga Ali wa caka ca 1966, wa zaka 24, amene anagonjetsa Cleveland Williams m'raundi yacitatu ku Houston. Ndipo nditenga Tyson wa caka ca 1988, wa zaka 21, yemwe uja wa pa foni. A mbali ya Tyson sangadandaule, pakuti ndawapatsa munthu wao pa tsiku lace lokoma koposa.

Ndipo ndisabise ukatswiri wace, pakuti wotsutsa wonama ayamba ndi kucepsa mnzace. Tyson anali woopsa ndithu. Nkhondo zace 19 zoyamba anazitsiriza zonse belu lomariza lisanalire. Pa 22 Novembala 1986 anagwetsa Trevor Berbick m'raundi yaciwiri, natenga lamba ali ndi zaka 20 zokha, ndipo kufikira lero palibe wina wa gulu lao anautenga ali wamng'ono cotero. Pa 27 Juni 1988 anamariza Spinks, munthu amene anali asanagonjepo, m'masekondi 91. Sanali wamphamvu cabe. Anali wophunzitsidwa bwino. Mphunzitsi wace, nkhalamba Cus D'Amato, anamzoloweza kubisa cibwano kuseri kwa magolovesi, kugwedeza mutu uku ndi uku, ndi kulowa pansi pa mikono ya mdani monga nyalugwe alowa m'khola. Zonsezi ndibvomera. Koma funso lathu siliri lakuti Tyson anali woopsa kodi. Funso ndi lakuti, akadacita ciani pokomana ndi munthu wosaopa, wosagwa msanga, ndi wosapezeka pamalo pamodzi?

A pa Tsoka anali ndi umboni umodzi umene anauyesa nkhwangwa yodula mlandu. Anati, "Berbick anamenya Ali, Larry Holmes anamenya Ali, koma Tyson anagwetsa onse awiri." Zoona, koma tiyeni tiwerenge zaka. Pamene Holmes anagonjetsa Ali, mu Okutobala 1980, Ali anali ndi zaka 38, atakhala zaka ziwiri osamenya, ndi thupi litayamba kale kumkana. Pamene Berbick anamgonjetsa, mu Disembala 1981, anatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 40. Ndipo Holmes amene Tyson anamgwetsa mu Januwale 1988 anali nayenso wa zaka 38, wocokera kopumula. Umboni uwu utiphunzitsa cinthu cimodzi cokha, cimene agogo athu anacidziwa osapita ku America: kuti mnyamata agwetsa nkhalamba. Kodi munthu akagwetsa nyumba yodyedwa ndi ciswe, tidzati aposa mmisiri amene anaimanga?

Tsopano ndifike pa cifukwa canga coyamba. Cida cacikuru ca Tyson cinali mantha. Ambiri a iwo amene anawagwetsa msanga analowa m'bwalo atagonja kale mumtima. Yang'anani nkhope ya Spinks pa foni yomweyo, ndipo mudzaona munthu woyembekeza cigumula. Koma Ali anakomana ndi amuna otere kawiri, ndipo kawiri konse anthu anamlira maliro asanafe.

Woyamba anali Sonny Liston. Iyeyu anagwetsa Floyd Patterson, mwini lamba, m'raundi yoyamba m'caka ca 1962, nabwerezanso cimodzimodzi m'caka ca 1963. Anali Tyson wa masiku amenewo, ndipo pafupifupi olemba nyuzi onse anati mnyamata wolongolola uja, amene panthawiyo anali kuchedwa Cassius Clay, adzaphedwa. Anakomana pa 25 Febuluwale 1964 ku Miami Beach. Pakati pa nkhondo kanthu kowawa kanalowa m'maso mwa Clay, kotero kuti sanathe kuona bwino, ndipo anafuna kuleka. Koma mphunzitsi wace Angelo Dundee anamkankhira m'bwalo, ndipo anatha raundi yacisanu yonse ali kuzungulira, dzanja liri kutsogolo monga wakhungu wofufuza khomo, Liston osampeza. Maso atayera anayamba kumenya iye, ndipo belu la raundi ya 7 litalira Liston anakhala pa mpando wace osanyamuka. Mnyamatayo anali ndi zaka 22.

Waciwiri anali George Foreman, ndipo izi zinacitika kuno kwathu ku Africa, mu mzinda wa Kinshasa, m'dziko la Congo limene panthawiyo linali kuchedwa Zaire, loyandikana ndi Zambia. Foreman anali atamenya nkhondo 40 osagonja, ndipo 37 mwa izo anazitsiriza nthawi isanakwane. Anagwetsa Joe Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri ku Kingston mu Januwale 1973. Anamariza Ken Norton m'maraundi awiri ku Caracas mu Marichi 1974. Zindikirani kuti Frazier ndi Norton ndiwo amuna awiri okha amene anali atagonjetsapo Ali kufikira nthawi imeneyo. Masamu a pa Tsoka akadakhala oona, Ali sakadayenera ngakhale kukwera ndege. Iye anali ndi zaka 32, Foreman 25. Anakomana pa 30 Okutobala 1974, tambala asanalire kaciwiri, kuti a ku America aonere madzulo kwao. Ali, poona kuti miyendo yace siingathe kuthawa usiku wonse, anasintha nzeru m'kati mwa nkhondo: anatsamira pa zingwe, nachinga mutu ndi mikono, nalola Foreman kupuntha nthiti ndi mikono monga mai apuntha mapira, iye nabwezera zowongoka kumaso pakapezeka mpata. Pofika raundi ya 8 cimphona cija cinali wefuwefu, manja atalemera, ndipo Ali anacoka pa zingwe nacigwetsa ndi dzanja lamanja.

Abale anga, munthu amene sanaope Liston ali ndi zaka 22, amene sanaope Foreman ali ndi zaka 32, akadaopa Tyson cifukwa ninji? Ndipo mukacotsa mantha, mwacotsa theka la Tyson.

Cifukwa caciwiri ndi ca thupi, ndipo ici ndi ca masamu cabe. Ali anali wamtali mapazi 6 ndi mainchesi 3. Tyson mapazi 5 ndi mainchesi 10. Atatambasula manja, kuyambira nsonga ya cala kufikira nsonga ya cala cinzace, Ali anali mainchesi 78, Tyson 71. Tanthauzo lace ndi lakuti pali dera limene Ali akhoza kufika pa mphuno ya Tyson, Tyson osafika pa iye. Kuti wamfupi amenye, ayenera kuoloka dera limenelo, ndipo poolokapo alipira, monga ine ndinalipira pa kamlatho ka pa Tsoka. Koma iye alipira ndi nkhope. Ali wa 1966 sanali kuima pamodzi. Anali kuzungulira pa zala za kumapazi, dzanja lamanzere liri kulasa kawirikawiri, ndipo mdani akayandikira anali kumgwira pakhosi ndi kumlemetsa kufikira woyang'anira atawalekanitsa.

Kodi njira yotere inagwirapo nchito pa Tyson? Inde, ndi pamene anali m'mphamvu zace. Mu Meyi 1986 James Tillis, munthu woyenda ndi miyendo koma wosafika pa Ali ndi pang'ono pomwe, anatha naye maraundi khumi, ndipo kusiyana kwao kunali kocepa. M'caka ca 1987 James Smith ndi Tony Tucker, amuna atali, anafika naye kumapeto a maraundi 12. Smith anangomkumbatira usiku wonse, ndipo Tyson anasowa cocita. Onsewa anagonja, pakuti anadziwa kudzichinjiriza koma sanadziwe kupambana. Ndipo tsiku linafika, pa 11 Febuluwale 1990 ku Tokyo, pamene James Douglas, munthu wamtali wa dzanja lamanzere lowongoka, amene amai wace anali atamwalira masabata atatu apitawo, analowa m'bwalo wopanda mantha. Analasa, nasuntha, nagwira. Diso la Tyson linatupa. Tyson anamgwetsa m'raundi ya 8, koma Douglas anadzuka, ndipo m'raundi ya 10 Tyson anali kukwawa pansi kufunafuna cochinjiriza mano cace. Zimene Douglas anacita usiku umodzi wa moyo wace, Ali anazicita zaka zambiri, ndi liwiro loposa.

Ndidziwa yankho lao, pakuti ndinalimva pa msika: "Ameneyo sanali Tyson weniweni. D'Amato anali atafa, Kevin Rooney amene anamphunzitsa pambuyo pace anali atacotsedwa, ndipo Tyson sanakonzekere." Zoona, D'Amato anamwalira mu Novembala 1985, ndipo Rooney anacotsedwa m'caka ca 1988. Koma ku Tokyo Tyson anali ndi zaka 23 zokha, wopanda nthenda, wopanda cironda. Ngati munthu wa zaka 23 watha kale, ndiye kuti mphamvu yace inali ya mphunzitsi, yobwereka. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndidziwa ana amene akhoza masamu ine ndiri pambuyo pao, koma ndikaturuka aiwala ndi dzina lao lomwe. Mwana wotere sitimpatsa malo oyamba. Kudzisunga ndi kukonzekera siziri zinthu zapadera zimene tingazicotse poyesa munthu, ndizo munthuyo. Yerekezani ndi Ali. M'caka ca 1967 analandidwa lamba cifukwa anakana kulembedwa usilikari wa nkhondo ya ku Vietnam, nakhala zaka zitatu ndi theka osaloledwa kumenya, ndizo zaka zimene thupi la mwamuna liri pacimake. Anabwera miyendo italemera, nafuna njira yina, natenganso lamba m'caka ca 1974, ndi kacitatu m'caka ca 1978.

Tsopano ndidzitsutse ndekha, pakuti pali mau amodzi amphamvu amene a pa Tsoka sanawanene, ndipo ndiwabwereka kwa iwo kwaulere. Ali anali ndi khomo losatseka bwino. Anali kutsitsa dzanja lamanja, ndi kulewa nkhonya pobweza mutu m'mbuyo, kotero nkhonya yokhota ya kumanzere inali kumpeza. Ndiyo inamgwetsa pamaso pa Sonny Banks m'caka ca 1962. Ndiyo inamgwetsa ku London mu Juni 1963, pamene Henry Cooper, munthu wopepuka, anamkhazika pa zingwe kumapeto a raundi yacinai, ndipo belu linamthandiza. Ndiyo inamgwetsanso pa 8 Marichi 1971 ku New York, m'raundi ya 15, pa dzanja la Joe Frazier, munthu wamfupi wolowa cowerama monga Tyson. Ndipo usiku umenewo Ali anagonja. Tyson anali nayo nkhonya yomweyo, yofulumira kuposa ya Frazier. Cifukwa cace sindinena kuti Tyson sakadamgwetsa. M'maraundi atatu oyamba Ali akadakhala pa ngozi yeniyeni.

Ndiponso m'gulu la amuna olemera cibakera cimodzi cikhoza kupasula masamu onse. Abale athu a ku Joni akumbukira za pa 22 Epulo 2001, ku Carnival City ku Brakpan, pamene Hasim Rahman, amene anthu sanamuwerengere, anagoneka Lennox Lewis ndi dzanja limodzi m'raundi yacisanu. Tsoka silinunkha. Koma mu Novembala caka comweco anakomananso, ndipo Lewis anamariza Rahman m'raundi yacinai. Cotero poyesa amuna awiri tisafunse za usiku umodzi. Tifunse kuti atakomana kakhumi, apambana kambiri ndani.

Apa ndipo pali cifukwa canga cacitatu, cimene ndiciyesa mutu wa zonse. Tisafunse cabe kuti ndani agwetsa. Tifunse kuti ndani adzuka. Ali anagwetsedwa kanai m'moyo wace wa nkhonya za malipiro: ndi Banks, ndi Cooper, ndi Frazier, ndi Chuck Wepner m'caka ca 1975. Kanai konse anadzuka, ndipo katatu mwa kanaiko anapambana nkhondo yomweyo. Ngakhale kwa Frazier, atamenyana mphindi zoposa makumi anai, tsaya litatupa, anaimirira msanga natsiriza raundi. Mu Marichi 1973 Norton anamthyola nsagwada, ndipo iye anamenyabe kufikira kumapeto a maraundi 12. Atapola anabwera nagonjetsa Norton caka comweco. Frazier anambwezera kawiri, ndipo kotsiriza, ku Manila pa 1 Okutobala 1975, m'kutentha koopsa, anapirira maraundi 14 kufikira mphunzitsi wa Frazier, Eddie Futch, analetsa munthu wace kunyamuka.

Nanga Tyson? Funsani wa foni ali yense akuonetseni nkhondo imodzi imene Tyson anagwetsedwa nadzuka napambana. Adzafufuza kufikira batire litatha, pakuti kulibe. Douglas anamgwetsa, nagonja. Evander Holyfield, wa zaka 34, amene anthu anati watha, anakana kubwerera m'mbuyo mu Novembala 1996, namgwetsa, namgonjetsa m'raundi ya 11. Atakomananso mu Juni 1997, Tyson poona kuti zinthu zirikumbvuta analuma khutu la mnzace, nacotsedwa m'bwalo. Lewis anamgoneka m'raundi ya 8 m'caka ca 2002. Mudzati izi ndi za pambuyo pa ndende, imene anakhalamo kuyambira 1992 kufikira 1995, ndipo ndibvomera kuti sanalinso wa 1988. Koma mtima wa munthu uoneka pamene zamthina, ndipo nthawi zonse zimene Tyson zinamthina tinaona cinthu cimodzimodzi: njira yoyamba ikakanika, yaciwiri panalibe.

Pano ndikumbuke mkuru wosoka uja amene sanaseke. Phokoso litacepa anandikodola nati, "Aphunzitsi, nonsenu mwaiwala Joe Louis. Atate anga anali mchona ku Joni, ndipo dzina limeneli silinali kucoka pakamwa pao." Ndinati, "Bambo, mwanena zoona." Louis anasunga lamba kuyambira 1937 kufikira 1949, nauchinjiriza nthawi 25. Max Schmeling wa ku Germany anamgoneka m'raundi ya 12 m'caka ca 1936. Louis anapita kukakonza colakwa cace, ndipo pa 22 Juni 1938 anamariza Schmeling m'mphindi ziwiri ndi masekondi anai. M'caka ca 1941 Billy Conn, munthu wopepuka wa miyendo yofulumira, anali patsogolo atatha maraundi 12, koma Louis sanataye mtima, namgwetsa m'raundi ya 13. Nkhani ya Conn ionetsa kuti woyenda ndi miyendo anali kumsautsa Louis, ndipo cifukwa ca ico ndiganiza kuti Ali akadampambana nayenso. Koma ionetsanso kuti Louis anali woopsa kufikira belu lomariza. Mlandu wa Ali ndi Louis ndiwo wobvuta, woyenera akuru kukhalira pansi. Wa Ali ndi Tyson ndi wopepuka pouyerekeza nao.

Munthu asandimve molakwa, ngati ndiri kutama kumenyedwa. Kupirira kwa Ali kunali ndi mtengo wace. Anakhalitsa m'bwalo kuposa muyeso, ndipo nkhondo ya Holmes sinayenere kucitika konse. M'caka ca 1984 zinadziwika kuti ali ndi nthenda ya kunjenjemera yochedwa Parkinson, ndipo ambiri akhulupirira kuti zibakera za kumutu zinathandizira. Munthu amene lilime lace linali lofulumira monga manja ace anakhala zaka makumi atatu akulankhula mobvutika, kufikira anamwalira pa 3 Juni 2016. Mnyamata wofuna masewera awa adziwe zimenezi asanabvale magolovesi. Cimene nditama mwa Ali si cigaza colimba iai, koma mutu wosabalalika pa nthawi ya ululu, wokhoza kuganiza njira yina pamene yoyamba yatsekeka.

Tsono cigamulo canga ndi ici. Maraundi atatu oyamba ndi a Tyson, ndipo kapena Ali akadakhala pansi kamodzi. Kuyambira raundi yacisanu mutu wa Tyson ukadaleka kugwedezeka, monga unali kucitira akatopa, ndipo akadayamba kufuna cibakera cimodzi cokha. Dzanja lamanzere la Ali likadatupitsa maso ace. Pofika raundi ya 10 kapena 11 woyang'anira akadalowa pakati; akadapanda kutero, oweruza akadapatsa Ali. Atakomana kakhumi, ndipatsa Tyson kawiri, kapena katatu ndikakhala wooloa manja.

Cimene cisokeretsa anyamata athu ndi foni. Foni ionetsa masekondi 91, pakuti ndiwo akwana pa ndalama ya intaneti imene mnyamata ali nayo. Siionetsa mphindi 45 za munthu wopirira. Cotero aphunzira kuti mphamvu ndiyo kuopsa, kupsa mtima, ndi kutsiriza msanga. Koma ife a kumudzi tidziwa moto wa mitundu iwiri. Moto wa mapesi ulilima, nuthetheka, nuopsa ana. Ukapita kukatunga madzi, pobwera upeza phulusa. Cikuni ca muwanga sicicita phokoso, koma ukacisiya madzulo, m'mawa upalapo makala. Tonse tinamdziwa mnyamata wa kubusa amene anzace onse anali kumthawa, kufikira tsiku limene wina wacete anakana kuthawa. Ndipo tidziwa wolima amene agwetsa mizere isanu dzuwa lisanaturuke, koma pofika nthawi ya kadzutsa ali gone pansi pa mtengo, mnzace wa khasu lofatsa ali kumariza ndime. Ndikafunsa ana anga a sukulu kuti afuna kukhala moto uti, ndifuna ayankhe atadziwa mbiri yonse, si kadidutswa ka pa foni.

Kwa mnyamata wa nsapato wa pa Tsoka nditi: mwana wanga, unandiseka pamaso pa anthu, ndipo sindinakwiye, pakuti unali ndi umboni m'dzanja pamene ine ndinali ndi mau okha. Tsopano umboni wanga ndi uwu, ndi masiku ace ndi zaka zace. Funa pa foni yako nkhondo ya ku Kinshasa, uionere yonse kuyambira belu loyamba, osadumpha. Ukatero uonere ya ku Tokyo. Ukapezamo bodza langa, lembera kwa Mkonzi wa nyuzi yino, ndipo ndidzabvomera poyera. Ndidzabweranso ku Lilongwe mvula isanagwe, pakuti nsapato zanga nazonso zatha, ndipo ndidzagula kwa iwe.